WiFi Ikamaduladula: Pezani Pomwe Pakuduka Musanawononge Ndalama

Tchuthi chapitachi ndinali kwathu ku Chia, kummwera kwa boma la Nkhotakota, pafupi ndi mlatho wa msewu wa M5 pomwe madzi a dziwe la Chia amakumana ndi nyanja ya Malawi. Ndinapita ndi asayimenti yoti nditumize pa intaneti pofika Lachisanu, ndipo ndinkafuna kuti zonse zithe dzuwa lisanalowe, Sabata lindipeze mtima uli m'malo. Pakhomo pathu pali ka MiFi komwe achimwene anga anagula. Laputopu inkalumikizika bwinobwino, koma pakangotha mphindi 10 kapena 20 intaneti inkaduka. Ndikadikira pang'ono inkabwerera yokha, kenako n'kudukanso fayilo ili pakati popita.

Aliyense pakhomo anali ndi mankhwala ake. Amayi anati, "Mwina bandulo yatha, mwanangu," ndipo anatapa pa ndalama ya mpunga n'kundigulira ina, chonsecho yoyamba ija inali isanathe. Achimwene anati tisinthe simukhadi. Amalume, atangoyang'ana laputopuyo, anati, "Chimakina ichi chakalamba, kagulitse." Onsewa ankandifunira zabwino, koma palibe amene anali atapeza matenda ake. Tikanatsatira malangizo onse atatu, tikanataya ndalama katatu vuto lili pomwepo.

Vuto lobwera n'kumapita ndi lovuta kuposa chinthu chofa kotheratu, chifukwa ukati ulionetse kwa wodziwa limabisala. Phunziro lino likufotokoza njira yolisakira. Mfundo yake ndi imodzi: musanagule kapena kusintha chilichonse, pezani kaye malo enieni pomwe pakuduka, ndipo posaka muzisintha chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, uku mukulemba zomwe mwaona. Malangizowa ndi a laputopu ya Windows 10 kapena Windows 11, poti ndi zomwe ambirife tili nazo.

Njira yomwe intaneti imadutsa

Kuti chambo cha ku Chia chikafike pamsika ku Lilongwe, chimayenda maulendo atatu: pabwato kufika kumtunda, kuchoka pagombe kufika pamsewu, kenako pagalimoto kudzera ku Salima. Nsomba zikapanda kufika, wogula wanzeru amafunsa kuti zaima pati. Sathamangira kukalipira dalaivala pomwe bwato ndi lomwe silinakocheze.

Intaneti ya pakhomo nayonso ili ndi zigawo zitatu. Choyamba ndi laputopu yeniyeniyo, momwe muli kachipangizo kolandira WiFi ndi pulogalamu yokayendetsa. Chachiwiri ndi kampata ka pakati pa laputopu ndi rauta, kaya rautayo ndi ya pakhoma, MiFi, kapena foni yomwe mwatsegula hotspot. Kampata kameneka ndiko WiFi. Chachitatu ndi ulendo wochoka pa rauta kupita ku nsanja ya netiweki ya TNM kapena Airtel, n'kupitirira kunja. Pansi pa zonsezi pali magetsi, omwe akagwedera amagwedeza chilichonse.

Apa ndi pomwe ambiri timasokonekera. Timizere ta WiFi tomwe timaoneka pakona ya sikirini timangonena za mphamvu ya pakati pa laputopu ndi rauta basi. Tikhoza kudzaza tonse koma intaneti palibe, ngati rautayo yataya nsanja kapena bandulo yatha. Choncho funso loyamba ndi ili: pamene yaduka, chaduka ndi WiFi kapena ndi intaneti ya kuseri kwa rauta?

Mayeso oyamba, osafuna luso lililonse

Tengani foni, muzimitse data ya pa simukhadi yake, ndipo muilumikize ku WiFi yomweyo. Iikeni pambali pa laputopu. Nthawi yomwe laputopu yaduka, yesani kutsegula tsamba pafoniyo. Ngati foni ikutsegula, rauta ndi netiweki zilibe mlandu, vuto lili mu laputopu. Ngati zonse ziwiri zaduka limodzi, siyani kukayikira laputopu, yang'anani rauta, magetsi kapena netiweki.

Chachiwiri, yang'anani nyali za pa rauta nthawi yomweyo. Zikathima zonse n'kuyambanso kuyaka imodziimodzi, ndiye kuti rauta yazima n'kudzukanso, ndipo kawirikawiri chochititsa ndi magetsi kapena kutentha. Nyali ya WiFi ikakhala chiyakire koma ya netiweki n'kusintha mtundu kapena kuphethira, vuto lili pakati pa rauta ndi nsanja.

Chachitatu, tengani kope. Nthawi iliyonse ikaduka lembani ola, malo omwe munakhala, ngati laputopu inali pachaja kapena pabatire, ngati magetsi analipo, komanso chomwe chinachitika pakhomo nthawi imeneyo. Pakatha masiku awiri kapena atatu kopelo limayamba kulankhula. Kuduka kwa madzulo okhaokha kuli ndi tanthauzo lake, kwa masana dzuwa lili paliwombo kulinso ndi lake.

Muyesenso laputopuyo pa WiFi ina, monga hotspot ya foni ya mnzanu. Ikamadukanso kumeneko, umboni wakwana kuti vuto yayenda nalo laputopuyo.

Mayeso a ping

Windows ili ndi chida chaching'ono chotchedwa ping. Chimatumiza kauthenga kwa chipangizo china n'kudikira yankho, ngati munthu woodira pakhomo. Dinani batani la Start, lembani cmd, ndipo tsegulani Command Prompt. Pawindo lakudalo lembani ipconfig n'kudina Enter. Pansi pa mutu wa WiFi fufuzani mzere wolembedwa Default Gateway. Nambala yomwe ili pamenepo ndi adiresi ya rauta yanu. Kawirikawiri imakhala 192.168.0.1, 192.168.1.1, kapena 192.168.8.1 pa ma MiFi ambiri a Huawei.

Tsopano lembani ping, mpata, nambala ya rautayo, mpata, kenako -t, mwachitsanzo ping 192.168.8.1 -t. Tsegulaninso windo lachiwiri la Command Prompt n'kulemba ping 8.8.8.8 -t. Nambala yachiwiriyi ndi ya kompyuta ya kampani ya Google yomwe ili kutali pa intaneti. Ikani mawindo awiriwa moyandikana, asiyeni aziyenda, inu muzipitiriza ntchito yanu. Data yomwe amadya ndi yochepa kwambiri. Mukafuna kuwaimitsa dinani Ctrl ndi C pamodzi.

Zinthu zikakhala bwino, mzere uliwonse umayamba ndi Reply from, ndipo umasonyeza nthawi yomwe yankho latenga. Rauta ya m'nyumba imayankha mofulumira, nthawi zambiri pansi pa 10 ms. Ya Google imachedwerapo, ndipo kumeneko si kulakwika. Intaneti ikaduka, thamangirani pamawindo aja. Pali mayankho atatu.

Ngati mawindo onse awiri asiya kuyankha, akulemba Request timed out kapena General failure, ndiye kuti laputopu yataya rauta. Vuto lili m'chigawo choyamba kapena chachiwiri. Ngati windo la rauta likuyankhabe koma la 8.8.8.8 lasiya, WiFi yanu ili bwino, kwaduka ndi kuseri kwa rauta. Ngati onse awiri akuyankha koma masamba sakutseguka, kawirikawiri vuto ndi DNS, dongosolo lomwe limamasulira dzina la tsamba kukhala nambala. Pamenepo lembani ipconfig /flushdns, ndipo zikapitirira sinthani DNS ya pa laputopu kukhala 8.8.8.8 kapena 1.1.1.1.

Vuto likakhala mu laputopu

Woyamba kumukayikira ndi dongosolo losunga batire. Windows imaloledwa kugoneka kachipangizo ka WiFi pofuna kusunga moto, ndipo pa malaputopu ena kachipangizoka kamachedwa kudzuka. Chizindikiro chake n'chakuti imaduka kwambiri mukaichotsa pachaja, kapena mukangoidzutsa itagona. Dinani Start ndi batani lakumanja la mbewa, sankhani Device Manager, tsegulani Network adapters, ndipo dinani kawiri pa dzina lomwe lili ndi mawu akuti Wireless kapena WiFi. Pa tsamba la Power Management chotsani chizindikiro pa mzere wolola kompyuta kuzimitsa chipangizocho. Malaputopu ena atsopano alibe tsamba limeneli. Zikatero pitani ku Power Options mu Control Panel, ndipo ngati muli Wireless Adapter Settings sankhani Maximum Performance, pabatire ndi pachaja pomwe.

Wachiwiri ndi zomwe laputopu inasunga zokhudza WiFi imeneyo. Ngati pasiwedi kapena dzina linasinthidwapo, zakale zimatha kulimbana ndi zatsopano. Pamndandanda wa ma WiFi dinani dzina lanu ndi batani lakumanja, sankhani Forget, kenako lumikizaninso polemba pasiwedi mwatsopano. Chotsaninso ma WiFi ena omwe laputopu imalumikizako yokha, chifukwa imatha kumadumpha pakati pa MiFi ndi hotspot ya mlongo wanu, ndipo kudumpha kulikonse ndi kuduka.

Wachitatu ndi driver, pulogalamu yomwe imayendetsa kachipangizo ka WiFi. Ngati vuto linayamba laputopu itangodzikonza ndi Windows Update, pitani pa tsamba la Driver mu Device Manager momwe muja n'kusankha Roll Back Driver kuti ibwerere pa yakale. Ngati driver ndi yakalekale, tengani yatsopano pa tsamba la kampani yomwe inapanga laputopuyo, monga HP, Dell kapena Lenovo, osati pa masamba achilendo olonjeza kukonza zonse mwaulere. Kumbukiraninso kuti Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 mwa nthawi zonse pa 14 October 2025, choncho amene laputopu yawo ingathe kulandira Windows 11 aganizirepo.

Wachinayi ndi waya. Ambirife tili ndi malaputopu ogula kwa ena, omwe anayenda kale maulendo ambiri. Timawaya ta eriyo ya WiFi timachoka pansi pa kiyibodi, n'kudutsa pa mahinjesi, kukafika m'mphepete mwa sikirini. Mahinjesi akatha kapena kuthyoka, timawayato timapanikizika. Kuti mudziwe, lembani netsh wlan show interfaces mu Command Prompt ndipo muone mzere wa Signal. Weramitsani sikirini pang'ono, lembaninso, muonenso. Nambala ikamagwa kwambiri mukangosuntha sikirini, kapena ikakhala yotsika muli pafupi penipeni ndi rauta pomwe foni ikulandira bwino, eriyo ndiyo yavuta. Mankhwala ake otsika mtengo ndi ka WiFi adapter kolowetsa pa USB. Laputopu yonse siyenera kugulitsidwa chifukwa cha kawaya kamodzi.

Windows imasunganso mbiri ya kuduka konse. Tsegulani Command Prompt posankha Run as administrator, lembani netsh wlan show wlanreport, ndipo idzakuuzani pomwe yasunga lipoti la masiku atatu apitawo, losonyeza ola lomwe WiFi inaduka ndi chifukwa chomwe inalemba. Yerekezani lipotilo ndi kope lanu lija. Network reset, yomwe ili mu Settings pansi pa Network & Internet, ikhale yomalizira, chifukwa imafufuta mapasiwedi onse a WiFi omwe munasunga.

Vuto likakhala pakati pa laputopu ndi rauta

WiFi ndi mafunde a wailesi, ndipo mafunde amenewa ali ndi adani awo. Chitsulo chimawabweza, madzi amawamwa, khoma lokhuthala la njerwa limawafooketsa. M'nyumba za kwathu adaniwa ndi malata, zitseko zachitsulo, firiji, mgolo wa madzi ndi kabati. Rauta yobisidwa m'kabati poopa ana kapena akuba ili ngati munthu wolankhula ali m'nkhokwe. Iikeni pamalo okwera, poyera, pakati pa nyumba, koma osaigunditsa kudenga la malata. Signal ikakhala pansi pa 50, sendererani pafupi muone ngati kuduka kukuchepa.

Ma rauta ambiri amaulutsa pa 2.4 GHz, ena amawonjezera 5 GHz. Mafunde a 2.4 GHz amafika patali ndipo amapyola khoma bwinoko, koma njira yake ndi yodzaza, poti Bluetooth ndi uvuni wa microwave zimagwiritsanso ntchito yomweyo. Mafunde a 5 GHz amathamanga koma safika patali. Rauta ikapatsa dzina limodzi ku zonse ziwiri, laputopu yomwe ili m'malire imatha kumasinthasintha. Patsani iliyonse dzina lake n'kusankha imodzi. Ngati mumamvera ndi mahedifoni a Bluetooth, azimitseni tsiku limodzi muone kusiyana.

M'mahostelo kuno kukoleji kapena m'matauni, momwe ma WiFi ali ambiri pamalo amodzi, amatha kusokonezana. Pa 2.4 GHz ma channel omwe salowererana ndi 1, 6 ndi 11, ndipo kusamukira pa ina mwa zitatuzi kumathandiza. Kumudzi ngati ku Chia, komwe mukatsegula mndandanda mumangoona WiFi imodzi kapena ziwiri, musataye nthawi ndi zimenezi.

Zomwe zimavuta kumudzi ndi kuchuluka kwa olumikiza. Pasiwedi ukauza munthu mmodzi, pakutha pa sabata mudzi wonse waidziwa. MiFi ili ndi malire a zipangizo zomwe ingalandire, ndipo ikadzaza imakana ena, kapena onse amangokwawa. Lembani adiresi ya rauta ija mu browser, lowani ndi dzina ndi pasiwedi zomwe zalembedwa pansi pa rauta kapena mkati mwa chivundikiro cha batire, ndipo muone mndandanda wa olumikizidwa. Mukapeza alendo sinthani pasiwedi, ndipo chitetezo chikhale WPA2 kapena WPA3. Muli momwemo fufuzaninso ngati MiFi inaikidwa kuti izigona yokha pakapita mphindi zingapo osaigwiritsa ntchito.

Ogwiritsa ntchito hotspot ya foni adziwe zinthu ziwiri. Mafoni ambiri a Android amazimitsa hotspot okha akaona ngati palibe wolumikiza, ndipo zimenezi zimasinthika mu Settings. Komanso wina akaimba, foni yomwe siyikugwiritsa ntchito VoLTE imatsika kuchoka pa 4G kupita pa 3G kapena 2G, ndipo data imachedwa kapena kuima mpaka kukambiranako kutatha. Pa foni ya masimukhadi awiri, kuimba kwa pa simukhadi inayo nakonso kumaimitsa data pa mafoni ambiri. Ngati intaneti imaduka nthawi iliyonse foni ya amayi ikalira, musavutike n'kumasula laputopu.

Vuto likakhala kuseri kwa rauta

Yambani ndi chophweka: funsani bandulo yatsala bwanji, ndipo ndi ya mtundu wanji. Pali mabandulo a WhatsApp ndi Facebook okha. Munthu amaona mauthenga akulowa n'kumaganiza kuti intaneti ilipo, koma tsamba la sukulu osatseguka. Laputopu nayo imadya data mwakachetechete ikamadzikonza. Pitani pa Properties ya WiFi yanu n'kuyatsa Metered connection, kuti Windows idziwe kuti data imeneyi ndi yogula ndipo ichepetse zotsitsa zosafunikira msanga.

Kenako onani mphamvu ya netiweki pa MiFi yeniyeniyo, osati pa laputopu. Malo omwe 4G imafika mofooka, chipangizo chimangosinthasintha pakati pa 4G ndi 3G, ndipo posintha paliponse intaneti imaima kwa kanthawi. Yendani ndi MiFi nyumba yonse, zenera ndi zenera, mupeze pomwe timizere tikuchuluka. Mungathenso kuiuza, patsamba lake lija, kuti izigwira 4G yokha kapena 3G yokha, n'kuona yomwe ikukhazikika. Netiweki yochedwerapo koma yosaduka imatumiza asayimenti bwino kuposa yothamanga yoduladula.

Ngati kope lanu likusonyeza kuti vuto limabwera madzulo okha, anthu ataweruka ndipo aliyense ali pafoni, ndiye kuti nsanja yachulukidwa. Palibe chomwe mungakonze m'nyumba mwanu. Dzukani m'mamawa mutumize mafayilo akuluakulu nthawi imeneyo. Ngati mnzanu ali ndi simukhadi ya kampani ina, yesani hotspot yake pa ola lomwelo musanagule yanu, popeza kampani yomwe imagwira bwino paboma si nthawi zonse imagwiranso bwino kugombe.

Magetsi ndi kutentha

Tonse tikukumbukira momwe magetsi anavutira namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire mu January 2022, dziko n'kutaya pafupifupi 130 MW mpaka m'chaka cha 2023. Koma rauta siyidikira kuthima kwa maola ambiri kuti ivute. Kuphethira kwa sekondi imodzi, komwe laputopu siyikumva chifukwa ili ndi batire, kumazimitsa rauta ya pakhoma, ndipo imatenga mphindi imodzi kapena ziwiri kuti idzukenso. Kwa wogwiritsa ntchito laputopu zimaoneka ngati WiFi yangosowa n'kubwerera yokha.

M'nyumba za sola, batire likatsika moto usiku kapena kunja kukachita mitambo masiku angapo, rauta imayamba kuzimazima. Chaja yotha kapena soketi yogwedera imachitanso chimodzimodzi. Gwedezani pang'ono waya wa rauta muone ngati nyali zikuphethira. Mukagula chaja ina, mavoti ake afanane ndi omwe alembedwa pa rautayo, ndipo ma amp asachepere. Ma rauta ambiri a pakhoma ndi a 12V, ndipo pali timabatire totchedwa mini UPS topangidwira ntchito yomweyi. Nsanja nazo zimadalira magetsi, choncho kuthima kukatalika netiweki ya dera lonse imatha kufooka ngakhale inu muli ndi sola. Nyengo ya dzinja, kukayamba ziphaliwali, zulani rauta ndi chaja pakhoma.

Kutentha ndi vuto lomwe ife a kunyanja timalidziwa kuposa anzathu a ku Ntcheu kapena ku Dedza. Mu October ndi November, chipinda cha malata chopanda siling'i chimakhala ngati uvuni. MiFi ikakhala pachaja tsiku lonse m'chipinda chotere, kapena pazenera pomwe dzuwa likuwomba, imatentha, ndipo zipangizo zambiri zikatentha zimachepetsa liwiro kapena kuzima pofuna kudziteteza. Igwireni ndi dzanja nthawi yomwe yaduka. Tsegulaninso chivundikiro muone batire. Likakhala lotupa, siyani kuligwiritsa ntchito tsiku lomwelo, musaliboole kapena kuliponya pamoto, chifukwa limatha kuyaka.

Zomwe ndinapeza kwathu

Ndinayamba kulemba Lachiwiri. Pofika Lachitatu madzulo kope linasonyeza kuti kuduka kunali kwa mitundu iwiri. Kwina kunkabwera nthawi iliyonse, koma pokhapokha ndikatuluka ndi laputopu kukakhala pansi pa mtengo wa mango, kutali ndi chaja. Foni inkapitiriza kugwira, laputopu yokha n'kumaduka. Nditachotsa chizindikiro chija pa Power Management, kuduka kumeneku kunatha.

Kwina kunkabwera pakati pa 11 koloko ndi 3 koloko masana, ndipo foni ndi laputopu zinkaduka limodzi, mawindo onse awiri a ping n'kusiya kuyankha. Nditapita kukaona MiFi, ndinaipeza pamwamba pa khoma, pansi penipeni pa malata, pomwe achimwene anaiika poti ndi pomwe inkagwira netiweki bwino. Inali yotentha moti sindinathe kuifumbata. Ndinaitsitsa n'kuiika pa shelefu pafupi ndi zenera la kumthunzi. Netiweki inatsika kamzere kamodzi, koma sinazimenso. Asayimenti inapita Lachinayi m'mawa.

Ndikanasintha zinthu zonse tsiku limodzi, mwina vuto likanatha ndithu, koma sindikanadziwa chomwe chalithetsa, ndipo likanabweranso ndikanayambira pachiyambi. Ndikanakonza chimodzi chokha n'kuona ikudukabe, ndikanaganiza kuti sichinathandize, osadziwa kuti matenda anali awiri. Nditawafotokozera amayi anaseka n'kunena kuti, "Ndiye ndalama yanga ya mpunga ija inangopita chabe?" Ndinawayankha kuti, "Ayi amayi, bandulo ija tiigwiritsabe ntchito, koma ulendo wina tizifufuza kaye."

Nthawi yopempha thandizo

Si zonse zomwe mungakonze nokha. Ngati laputopu ikuduka pa WiFi iliyonse, mwayesa zonse za pamwambazi, ndipo kachipangizo ka WiFi kamasowa n'kumabwerera mu Device Manager, pitani nayo kwa okonza makompyuta. Musanaipereke koperani mafayilo anu pa flash, ndipo pitani ndi kope lanu. Wokonza akamva kuti imaduka mukasuntha sikirini sangakuuzeni kuti afufute Windows yonse, zomwe zimadya ndalama ndipo nthawi zina zimapita ndi ntchito ya semesita yathunthu.

Ngati ping ikusonyeza kuti kukuduka ndi kuseri kwa rauta masiku ambiri, ndipo anansi anu akudandaulanso chimodzimodzi, imbirani kampani yanu. Auzeni dera, masiku ndi maola, ndipo pemphani nambala ya dandaulo lanu. Likapanda kuthandizidwa, bungwe la MACRA, lomwe limayang'anira ntchito zamtokoma ndi zamafoni m'dziko muno, limalandira madandaulo a ogula omwe ayamba adutsa kukampani yawo.

Kwa ife omwe tikuphunzira uphunzitsi, njira imeneyi si ya makompyuta okha. Mwana akamakhoza lero n'kulakwa mawa, mphunzitsi wabwino samuweruza kuti ndi mbuli, amafufuza kuti amalakwa liti ndipo pa sitepe iti. M'chaputala choyamba cha buku la Danieli timawerenga kuti Danieli sanakangane ndi kapitawo pa nkhani ya chakudya. Anapempha kuti ayesedwe masiku 10, chinthu chimodzi chisinthe, kenako zotsatira zionedwe. Ndalama zomwe makolo athu amatipatsa zimachokera ku mpunga, chinangwa ndi nsomba, ndipo kuzisamala ndi mbali ya ukapitawo womwe timaphunzira kutchalitchi.

Zoti muchite sabata ino

Musadikire kuti intaneti ivute tsiku lotumiza asayimenti. Lero lomwe, zinthu zili bwino, tsegulani Command Prompt, pezani Default Gateway yanu n'kuilemba pachikuto cha kope. Yendetsani ma ping awiri aja kwa mphindi zisanu, mulembe nthawi yomwe aliyense akuyankhira, kuti tsiku lovuta mudzakhale ndi poyerekezera. Onani Signal muli pamalo atatu osiyana m'chipinda kapena m'nyumba mwanu. Yatsani Metered connection ngati mumagula bandulo. Pomaliza, phunzitsani munthu mmodzi wa kwanu, kaya mng'ono wanu kapena mlembi wa mpingo amene amatumiza malipoti pa intaneti, mayeso a foni ndi laputopu aja, kuti inu mukabwerera kukoleji pakhomo patsale wodziwa kufufuza asanagule bandulo yachiwiri.